Dona Sasintha Njira

...ndiye thirakitala ya aneba itangotsokomola kawiri n'kuzima, ine ndinavula malaya, ndinalavulira m'manja, ngolo ija ndinaikoka ndekha. Ndekha, achemwali. Anyamata anayi a bandi amene anabwera kudzaona malo ankangoigwira kumbuyo kuti isandipitirire. Mlamu wanu akuti iwowo ndiwo ankakankha, koma inu mukudziwa kuti mkazi sayamikira mwamuna wake pagulu.

Ngolo imeneyo ndiyo siteji yathu. Phwando la nyimbo la pa famu pano lafika chaka chachitatu, ndipo tsiku lake ndi Loweruka pa 19 Julayi. Chaka chatha tinaika siteji pamtetete, pakati pa munda wa udzu, ana anapsa ndi dzuwa mpaka ena makolo awo anawakana. Chaka chino ndaganiza ngati munthu wa ku yunivesite. Ngolo idzaima pansi pa mtengo waukulu uja, chopingasa pa geti laling'ono, kuti oimba ndi Bambo akhale pamthunzi. Lero timangoyesa malo, taibweza kale.

Geti limenelo mukulidziwa, ndi lija ng'ombe zimalowera folo koloko pochokera kubusa. Tsiku limodzi lokhalo zidzazungulira ku geti la kumunsi. Ng'ombe zilipo naini, ine ndilipo mmodzi, koma mutu wangawu ukuposa yawo yonse kuphatikiza. Munthu amene ndinakhala kondakitala wa minibasi zaka khumi ndi ziwiri, kulongedza anthu makumi awiri pa mipando ya anthu khumi ndi anayi, ndingalephere kulozera ng'ombe geti?

Bambo malowo awakonda kwambiri. Nditawakankha pa njinga yawo ya olumala kukawaonetsa, anayamba kumenya geti ndi ndodo, kuloza pansi, kupukusa mutu, kumenyanso geti. Chidwalire sitiroko sindinawaonepo atasangalala chonchi. Kulankhula sanayambebe, mawu amathera pakhosi monga munawasiyira. Koma nthawi yokama ikakwana amaimba nyimbo yawo ija yoitanira ng'ombe, yonse, osaphonya liwu ndi limodzi lomwe. Adokotala a pa kiliniki akuti zimachitika, akuti kuimba ndi kulankhula zimagona zipinda zosiyana m'mutumu. Ine ndinawauza kuti zimenezo ndinazidziwa kalekale.

Kubwera bandi ya anyamata okonza njinga zamoto, kwaya ya aphunzitsi, ndi mkulu wina wa gitala amene anakana kukaimba kunja chifukwa amaopa ndege. Mowa palibe, ndewu palibe. Tiyamba teni koloko, titha dzuwa lisanalowe kuti ana akagone kwawo. Pakhomo tiika chigubu cha mkaka, aliyense aponyemo chimene ali nacho, zonsezo zikagule njinga za olumala za odwala sitiroko a pa kiliniki. Chaka chatha zinagulidwa zinayi. Chaka chino ndikuopa kuti kusitoloko njinga zitha.

Munditumizire nsambo za gitala, mabatire a maikolofoni, ndi chipewa chachikulu cha Bambo. Mupatse dalaivala wa galimoto ya mkaka yemwe wakupatsani kalatayi. Musanene za foni, kuno imagwira pamwamba pa thanki pokha, ndipo ine sindine nyani. Moni kwa alamu anga.

Ine mlongo wanu,
Wailesi
Bwana wamkulu wa ng'ombe naini
3 Juni

*

10 Juni

Iwe Wailesi,

Moni. Kuno tili bwino, kaya inu kumeneko. Kalata yako yandipeza, koma yayambira pa tsamba lachiwiri. Loyamba lili kuti? Munthu umayamba kalata ndi thirakitala, moni yemwe osapereka?

Dalaivala wandiuza kuti anawaona Bambo ali ndi bandeji pamphumi. M'kalata yakoyi muli ngolo, muli bandi, muli chipewa, koma bandeji mulibe. Chipewa chachikulucho ukufuna chibise chiyani? Ine ndine namwino. Ndikudziwa chimene chimaika bandeji pamphumi pa munthu wofa mbali imodzi.

Takambirana ndi alamu ako. Kachipinda kaja tachotsamo katundu, tagula bedi lokhala ndi zitsulo m'mbali kuti munthu asagwe. Chipatala chili pafupi, ndimayenda pansi popita kuntchito. Bambo abwere azidzakhala ndi ine. Sindikupempha maganizo ako, wamkulu ndine.

Vuto lako ndi lakuti nkhani iliyonse umaithira mchere mpaka munthu osadziwanso kuti ndiwo ndi ziti, mchere ndi uti. Dzina la Wailesi sanakupatse chifukwa cha nkhope. Ukalemba kuti Bambo asangalala, ine ndimve chiyani?

Phwando lakolo sindikulinyoza. Njinga imene Bambo akukhalapoyo inachokera m'chigubu chomwecho chaka choyamba, sindinaiwale. Koma sungathamange ndi mabandi, ng'ombe naini ndi wodwala nthawi imodzi. Amati mapanga awiri avumbwitsa, iwe uli nawo atatu.

China, Bambo akamenya chinthu ndi ndodo sindiye kuti achikonda. Waiwala kale zimene ndodo ija inkatanthauza tili ana?

Nsambo ndi mabatire ndatumiza. Chipewa ayi.

Mlongo wako

*

17 Juni

Achemwali anga okondedwa, a bwana namwino,

Moni, moni, moninso kachitatu, kuti musadzanene kuti sindinapereke. Kuno tonse tili bwino. Nsambo zafika, mkulu wa gitala uja anazipsompsona.

Tsamba loyamba lija linadyedwa ndi kamwana ka ng'ombe. Ndinalisiya pawindo kuti inki iume, kang'ombeko kanangotulukira, lilime kamodzi, basi. Munali moni wa ndime zitatu, wokoma kwambiri moti sindikukadandaulira. Chiyambire tsiku limenelo kakumandiyang'ana mwaulemu ngati kopita kusukulu.

Za bandeji, inde, Bambo anagwa. Ndani sagwa? Inuyo simunagwe pa ukwati wanu ndi nsapato zazitali zija? Chilonda chapola. Dalaivala ameneyo akanamayang'ana msewu monga amayang'anira mphumi za anthu, bwenzi mkaka ukufika nthawi yake.

Tsopano mundimvetse bwino. Bambo sakupita kulikonse. Nyumba yanuyo ili pa nsanjika yachitatu, masitepe makumi anayi ndi awiri, ndinawawerenga ndi mawondo angawa. Pawindo lake munthu amaona khoma la anzanu ndi zovala zoyanika. Bambo akaimbira ndani kumeneko? Furiji?

Kuno amadzuka tambala asanaganize zolira. Ndimawasambitsa, ndimawameta ndevu bwino kuposa abale a ku saluni, kenako ndimawakankha mpaka pakhomo la khola. Chidebe chikakhala chosatsuka bwino, ndodo pansi, gu, gu. Ndikathira gaga wochepa, gu, gu. Munthu wosalankhula koma amandikalipira kuposa mmene ankachitira ali ndi pakamwa. Ndipo Dona, ng'ombe yotsogolera ija, yamawanga, yoyenda ngati mkazi wa bwana, satsitsa mkaka Bambo asanaimbe. Tsiku lina ndinayesa kuimba ine. Anandiyang'ana, n'kukankha chidebe. Amati ukaipa dziwa nyimbo. Ine ndinabadwa wokongola, n'chifukwa chake sindinavutike kuiphunzira.

Mukuti wamkulu ndinu. Zoona. Koma amene amadziwa bondo liti la Bambo limawawa kukazizira ndine. Amene amadziwa kuti akatsinzina diso lamanja akufuna tiyi, akatsinzina lamanzere akufuna kuti nditseke pakamwa, ndine. Mtengo waukulu sauzula n'kukauoka m'chitini.

Bwerani pa 19 Julayi mudzaone nokha. Pa pulogalamu ndawaika Bambo folo koloko, nthawi imene anthu amakhala atadzaza. Adzakwera pa siteji, adzagwira maikolofoni, adzaimba anthu onse akumva. Mukadzaona zimenezo n'kufunabe kuwatenga, mudzatenge ndi ng'ombe zomwe. Dona ndikukwezerani ndekha masitepe aja, pamsana.

Mlongo wanu wosagonja,
Wailesi

*

24 Juni

Alamu,

Moni wa kuno. Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi abambo akunyumbako. Ndikulemba achimwene anu atapita kukamata mapepala a phwando kumsika, ndiye musadzatchule kalatayi.

Zimene amakulemberani, theka zimakhala zoona. Luso lake ndi kudziwa kuti theka liti. Zoti amawasambitsa Bambo ndi kuwameta ndi zoona. Zikhadabo amawawenga okha, salola ine. Zimene sangakuuzeni ndi zakuti achimwene anuwo lamba wawo aboola bowo lina, ndipo masana akakhala pansi amagona mbale ili m'manja. Inenso msana wayamba kundiuza zaka zanga, sindikubisirani.

Makalata anu timawawerengera Bambo mokweza monga kale. Ya pa 10 ija achimwene anu analumpha ndime ya kachipinda ndi bedi. Atatuluka, ine ndinawawerengera Bambo ndime imeneyo, chifukwa moyo ndi wawo. Anamvetsera mpaka kumapeto. Kenako anagwira mphuthu ya chitseko ndi dzanja labwino lija, osaisiya. Chakudya cha masana anakana. Folo koloko itakwana anaimba, koma chapansipansi, moti Dona anachita kutembenuka kuwayang'ana.

Sindikunena kuti musawatenge, sindikunenanso kuti muwatenge. Ndikungoti inu mukulemba kuti wamkulu ndinu, achimwene anu akulemba kuti wodziwa ndi iwo, koma eni ake palibe amene wawafunsa. Makutu awo ndi abwinobwino.

Za bandeji akuuzeni okha achimwene anu. Si nkhani yanga.

Za geti ndalankhula mpaka malovu kuuma. Dona wadutsa pa geti laling'ono zaka khumi ndi chimodzi, m'mawa ndi madzulo, ndipo zinzake zimaponda pamene iye waponda. Achimwene anu ng'ombe azidziwa zaka zitatu zokha, amaziyesa anthu a m'minibasi. Akuti Dona adzamuuza Lachisanu kuti akonzekeretu.

Ngati mungapeze mankhwala opaka msana, mundikumbukire.

Mlamu wanu

*

1 Julayi

Wailesi,

Moni nonse. Ndapeza tchuthi cha masiku awiri. Ndifika Loweruka pa 19 masana ndi galimoto ya alamu ako, ndibwerera Lamulungu m'mawa pamodzi ndi Bambo. Phwando lako ndiliona, sindidzasokoneza. Koma ndidzapeze sutikesi yawo yolongedza: zovala, mankhwala, buku la ku kiliniki, ndi bulangete lawo lofiira lija. Ngati uli ndi chonena, yankha kalatayi sabata ino isanathe. Ukakhala chete ndidziwa kuti wamva.

Mankhwala opaka amene ali m'phukusimu ndi a mlamu wanga. Usafunse.

Mlongo wako

*

23 Julayi

Achemwali,

Moni. Ndikhulupirira munafika bwino, ndipo nsapato zanu zija mwazichotsa ndowe.

Kalata yanu ya pa 1 Julayi yafika dzulo, ikununkha dizilo. Inagona pansi pa mpando wa dalaivala masabata atatu, pamodzi ndi mankhwala a msana amene sindikufunsa. Ndiye mukuona, pamene munatsika m'galimoto nkhope ili ngati mvula ya matalala n'kuti, "Sutikesi ili kuti?" ine n'kuyankha kuti, "Mukufuna kuimba nayo?" sichinali chipongwe. Sindinkadziwa. Koma ndikanadziwanso sindikanailongedza, zimenezo muzidziwe.

Mudzati ndikukufotokozerani chiyani poti munalipo. Munalipo, inde, koma munali kumbuyo kwa njinga mutaweramitsa mutu. Amene anaona zonse ndi ine, ndinali pamwamba.

Anthu anabwera zikwi zisanu. Mlamu wanu akuti mazana atatu, koma iye sanawerenge ana a kumbuyo ndi a m'mimba. Aneba anatiimikira ngolo pa geti ng'ombe zitangotuluka m'mawa, n'kupita ndi thirakitala yawo kukatuta udzu kutali. Ana anakhala pa mitolo ya udzu, ena atajambulidwa agulugufe m'masaya. Anyamata a njinga zamoto anaimba mpaka nkhuku zanga zinaikira kawiri. Zonse zinkayenda ngati wotchi.

Folo koloko ili pafupi ndinathamangira kumunsi, ndinatsegula geti lija kuti ng'aa, ndinaima pakati ngati wapolisi wa pamsewu. Ng'ombe zinatulukira pamzere wawo, Dona patsogolo. Ndinaimba likhweru. Ndinakupiza malaya. Ndinati, "Amayi, lero tikwerera uku, malo alipo." Dona anandidutsa ngati sanandionepo chibadwire, zinzake zisanu ndi zitatu pambuyo, kutsata mpanda mpaka pa geti laling'ono. Kumeneko anapeza ngolo, pamwamba pake pali aphunzitsi khumi ndi awiri atatsegula pakamwa.

Apa sindithira mchere, poti mukadauona. Dona anaika mutu pa geti n'kuyamba kukankha. Zinzake zinamuunjikira kumbuyo, mabere atadzaza, zikulira. Geti linayamba kugunda ngolo, ngolo kugwedezeka, masipika a pa ngolopo kuweramira kumene kunakhala ana. Aphunzitsi a hedi anasiya nyimbo pakati n'kuyamba kupemphera. Waya wa mpandawo ndi wakale, ndinkamudziwa. Akanaduka, ng'ombe naini zikanalowa pakati pa ana. Ndinakwera pa ngolo kukagwira sipika.

Anyamata a bandi anali atafika kale kuti awakweze Bambo pa siteji monga mwa pulogalamu. Bambo ankawamenya ndi ndodo. Mmodzi anati, "Madalawa manyazi." Wina anati, "Akuopa maikolofoni." Ndiye inu munagwada pansi ndi diresi lanu la mtauni lija, n'kuti, "Bambo, mukufuna chiyani?"

Ine zaka zitatu ndakhala ndikuwauza Bambo zimene akufuna. Funso limenelo silinandifikepo m'mutu, ngakhale mutuwo ndi waukulu.

Bambo analoza Dona ndi ndodo, kenako anaiyendetsa ndodoyo kutsata mpanda mpaka ku geti la kumunsi. Inu munawakankha mpaka pa waya, mphuno ndi mphuno ndi Dona. Anayamba opanda maikolofoni:

Dzuwa lapendeka, ana anga,
Dona tsogola, Dona tsogola,
udzu sutha, mawa uliko,
tiyeni kwathu.

Dona anadzutsa mutu. Anasiya geti. Inu munayamba kukankha njinga mkati mwa mpanda, iye kunja kwa mpanda, phazi ndi phazi, zinzake pambuyo monga mwa maudindo awo. Mateyala ankatitimira, nsapato imodzi inakuvukani, simunaitole. Ine ndinatenga maikolofoni, ndipo kwa nthawi yoyamba m'moyo wanga ndinalankhula motsitsa. Ndinati, "Abale, patukani, musathamange, musaombe m'manja." Anthu anang'ambika pakati ngati nsalu. Ng'ombe zinalowa geti la kumunsi, zinadutsa pakati pa anthu onsewo zikutsata nkhalamba ya pa njinga, aphunzitsi akung'ung'udza nyimbo yomweyo pamwamba pa ngolo. Mkulu wa gitala uja analira mpaka nsambo zanu zinachita dzimbiri.

Bambo wina amene mkazi wake ali pa mndandanda wodikira njinga anandigwira mkono n'kundifunsa kuti, "Akuluwa akuti salankhula?" Ndinati salankhula. Anati, "Ndikamuimbira mkazi wanga kunyumba, mwina ayankha." Njinga zigulidwa zisanu ndi imodzi. Nambala imeneyo ndi ya mlamu wanu, ndiye mukhoza kuikhulupirira.

Ena akuti ndinalakwitsa geti. Ine ndikuti ndi phwando liti lina limene ng'ombe zinavinapo pa pulogalamu? Komabe chaka chamawa ngolo idzaima kwina, chifukwa cha mthunzi.

Ndinakuonaninso m'khola mutakhala pa kampando mukukama Dona, phazi limodzi lopanda nsapato. Manja anu sanaiwale. Koma Lamulungu munanyamuka mpando wakumbuyo uli wopanda munthu, n'kungoti, "Ndilemba." Ine tulo sindikuona bwino. Lembani. Koma dziwani kuti yankho langa silinasinthe, ndipo masitepe anu akadali makumi anayi ndi awiri.

Mlongo wanu,
Wailesi

*

29 Julayi

Wailesi,

Moni kwa iwe, kwa mlamu wanga ndi kwa Bambo. Ndime iyi usailumphe powawerengera.

Lamulungu m'mawa iwe uli kokapereka mkaka ndinakhala ndi Bambo. Ndinawafotokozera za kachipinda, za chipatala, za bedi, zonse bwinobwino. Kenako ndinatambasula manja awiri. Ndinati ili ndi la kutauni, ili ndi la pa famu. Anagwira la pa famu. Ndinasinthanitsa manjawo kuti ndione ngati amvetsa. Anandiyang'ana monga amayang'anira chidebe chosatsuka, n'kugwiranso la pa famu.

Ndiye Bambo akhala komweko. Bedi la zitsulo lija libwera kumeneko, pamodzi ndi belu lomangirira pa njinga yawo. Njira ya kukhola uisalaze, mapewa anga akuwawabe. Ine ndizibwera Loweruka lililonse lachiwiri kuti mlamu wanga apumule, ndi iwenso ugone pabedi m'malo mogonera mbale.

Koma pali chimodzi. Ndisananyamuke ndinazungulira khola lonse kufuna kupereka moni kwa kang'ombe kophunzira kaja. Sindinakapeze. Mlamu wanga anati ana a ng'ombe onse munagulitsa mu Epulo, kenako anagwira pakamwa.

Sindingasiye Bambo m'manja mwa munthu amene sindingamve zoona kwa iye zinthu zikavuta. Anthu zikwi zisanu uzinena, nkhuku zoikira kawiri uzinena, zimandiseketsa. Koma za Bambo ndikufuna zopanda mchere. Bedi lidikira yankho lako. Ukandizembanso, m'malo mwa bedi kubwera galimoto.

Mlongo wako

*

2 Ogasiti

Achemwali,

Moni. Kalata yanu ndawawerengera Bambo yonse, mlamu wanu ataima kumbuyo kwanga ngati woyang'anira mayeso. Pa ndime ya manja awiri anaseka ndi mbali imodzi ya pakamwa. Njira ndayamba kale kuisalaza, ikatha ndege zizitera.

Inu mukanakhala wapolisi, dziko lino bwenzi mulibe akuba.

Kang'ombe kaja kulibe. Sikanakhalepo. Tsamba loyamba lija ndinaling'amba ndekha, ndipo munalibe moni wa ndime zitatu.

Pa 2 Juni mlamu wanu anapita ku kiliniki kukatenga mankhwala a Bambo. Ine ndinawasiya pakhonde, ndinati ndikupita kamphindi kukaonana ndi a bandi. Kumeneko anandifunsa za phwando la chaka chatha, ndipo mukundidziwa, pakamwa panatseguka. Folo koloko inakwana ine ndikufotokozabe. Bambo anamva ng'ombe zikulira pa geti lotseka, anadzikankha okha ndi dzanja limodzi, njinga inagubuduka m'ngalande. Ndinawapeza dzuwa litatsala pang'ono kulowa, atagona m'matope, magazi ali kumaso, geti atalitsegula ndi ndodo ali chigonere. Dona anali ataima pambali pawo kuti zinzake zisawaponde. Ng'ombe inawasamala kuposa mwana wawo.

Tsiku lotsatira ndinatenga pepala. Pa tsamba loyambalo ndinalemba zonsezi, ndipo mzere womaliza unali wakuti, "Achemwali, bwerani mudzawatenge Bambo, ine ndalephera." Kenako manyazi anandigwira, ndinayamba nkhani ya ngolo kuti kalata isathere polira. Ndili pakati polemba nthawi yokama inakwana. Ndinawakankha Bambo kukhola, bandeji ili pamphumi, mlomo uli wotupa, ndinkati lero sangaimbe. Anaimba. Nditabwerera m'nyumba ndinang'amba tsambalo.

Sindinalitaye. Ndaliika m'envelopu muno, lopindika pang'ono chifukwa lakhala m'thumba la malaya miyezi iwiri. Werengani, musunge, tsiku limene ndidzayambenso kudzitama mudzandionetse. Mawu onse ali pamenepo ndi oona kupatula mzere womalizawo. Umenewo ndaukhwatcha, ndipo sindidzaulembanso.

Tumizani bedi.

Mlongo wanu,
Wailesi